Kukasesa Manda Kumathero kwa Zambezi

Mayi Lisnet Fombe, ogulitsa matemba pa Makoni ku Chitungwiza m'dziko la Zimbabwe, anathawa nkhondo ku Mozambiki pa 14 Okutobala 1986, kusiya manda a amayi awo pakachilumba, kumene Zambezi amagawika asanathire m'nyanja. Anabwererako pa 9 Ogasiti 2023 kuti akasese mandawo. Boti lopita kumeneko linali limodzi lokha, la alendo oona malo, ndipo mwini wake, bambo Zeka, pakamwa sipankauma.

Anayamba kuwaonetsa fakitale yowotchedwa, kenako khoma lobooledwa ndi zipolopolo, kenako galimoto yadzimbiri ya asilikali.

"M'bango umu, amayi, anthu ankabisalamo," anatero Zeka.

"Wobisalayo ndinali ine, achimwene, masiku anayi! Tiyeni, madzi akuphwa!"

Koma azungu amene anali m'botimo anafunanso kujambula asodzi, Zeka n'kuwalola. Aliyense wobadwira kumeneko amadziwa kuti madzi a m'nyanja akabwerera, mtsinje umatsala matope okhaokha. Chilumba chikuonekera apo, boti linakhazikika pansi.

"Madzi akadzaza tibwerera, nthawi yatha," anatero Zeka.

Mayi Fombe anavula nsapato, napinda chitenje mpaka m'maondo, natsikira m'matopemo kulunjika kuchilumbako akutukwana m'Chishona, kuti malemu amayi awo asamve.