Mipando Inali Panja

Zaka zimene ndinkagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya ku Tsangano anthu ankanditcha adokotala, ndipo ine sindinkawakonza. Udokotala wanga wonse unali yunifomu yabuluu, njinga yakapalasa ndi bokosi la mankhwala a ana limene ndinkasunga m'nyumba. M'bokosimo munali tizipangizo toyezera malungo, toyera, totalika ngati chala. Umabaya mwana pachala, kudonthezapo magazi pang'ono ndi timadzi take, n'kudikira. Mizere iwiri ikatuluka ndiye kuti malungo alipo, ukatuluka umodzi palibe. Kachipangizo kameneka ndinkakakhulupirira kuposa pakamwa pa munthu aliyense, ndipo ndinkakatamanda ngati ndinakapanga ndine.

Kutchalitchi ndinkapita, koma ndinali wa benchi lakumbuyo, wotuluka nyimbo yomaliza isanathe. Akazi anga ndiwo anali opemphera enieni. Gulu lawo la amayi linkazonda odwala m'mudzi, ndipo mtsogoleri wake anali mayi wina wamfupi, wamawu aakulu, wogulitsa kabichi pamsika. Ine ndi mayi ameneyu tinali titayambanapo. Tsiku lina pa sikelo ndinamva kuti anakhala m'mawa wonse akupempherera mwana wotentha thupi asanabwere naye kwa ine, ndipo ndinawakalipira pamaso pa amayi onse amene anali pamzere.

“Pemphero silipha tizirombo, amayi,” ndinatero.

Anthu anaseka. Iwo anangoti, “Zikomo adokotala,” n'kumanga bwino chitenje chawo, n'kumapita. Ine ndinabwerera kunyumba ndikudziona ngati ndaphunzitsa mudzi wonse.

Mwana wathu wamkazi, yekhayo amene tinali naye nthawi imeneyo, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Patchuthi cha Pasaka anatsikira kuchigwa, cha ku Sharpevale, kukacheza kwa azakhali ake olima mpunga. Anabwerako atada ndi dzuwa, akusimba za mbalame zimene ankaingitsa m'munda ndi za udzudzu umene ati unkaimba ngati kwaya. Neti imene ndinamupatsa popita inabwerako ili chipindire.

Patapita sabata ndi masiku angapo anatentha thupi. Ndinamuyeza ndikuimba mluzu. Unatuluka mzere umodzi. Ndinamupatsa panado, n'kuuza mayi ake kuti ndi chimfine chabe, thupi likuzoloweranso chisanu chakumtunda kuno. Mawa lake anasanza, ndipo ndinamuyezanso ndi kachipangizo katsopano, ndikuyang'ana wotchi kuti ndisafulumire. Unatulukanso mzere umodzi.

“Abambo, mwanayu maso ake si ake,” anatero akazi anga. “Tiyeni naye kuchipatala.”

“Ndipite naye kuchipatala ndikanene kuti chiyani? Kuti ine amene ndimayeza ana a mudzi wonse ndalephera kuyeza wanga?”

Mawu amenewa ndimawamvabe mpaka lero, ndipo ndimachita nawo manyazi.

Tsiku lachitatu ndinali ndi sikelo kumudzi wina kuseri kwa phiri. Ndinanyamuka chifunga chisanachoke, mwana ali gone, thupi lili gegedegegede pansi pa mabulangete awiri. Ndinayeza ana a eni ake mpaka dzuwa litapendeka, ndikulalikira amayi za kuopsa kochedwa ndi mwana kunyumba.

Pobwerera, pali chitunda china chimene ukafikapo umaona nyumba yathu kutsidya kwa minda ya kachewere. Ndinatsika panjinga kuti ndipumeko, ndipo ndinaona mipando ili panja. Inali yonse, ya ndalema ija, benchi, ndi tebulo lomwe, ataziunjika pansi pa mtengo wa pichesi. Pakhomo panali nsapato za amayi zambirimbiri.

Kwathu kuno mipando situluka yonse m'nyumba popanda chifukwa. Ikatero, ndipo pakhomo pali amayi, ngakhale mwana amadziwa kuti m'nyumbamo akonza malo ogoneka maliro. Njinga inagwera mumzere wa kachewere ndipo sindinaidzutse. Mphepo inabwera ndi nyimbo, ija yapang'onopang'ono imene amaimba kwa wodwala koma amaimbanso pamaliro, moti sungadziwe kuti ndi ziti. Ndinatchera khutu kuti ndimve kulira kwa akazi anga. Sindinakumve, koma ndinadziuza kuti mwina akomoka.

Mantha amenewo sindinawamvepo chibadwire. Mtunda woyenda mphindi zisanu ndinauyenda ngati nkhalamba, ndikuima, ndikuyendanso. Ndinkafuna kufika koma sindinkafunanso kufika, chifukwa ndisanalowe m'nyumbamo mwana wanga anali adakali wamoyo kwa ine. Bambo wina amene ndinakumana naye panjira anavula chipewa pondilonjera, monga ankachitira masiku onse, koma tsiku limenelo ndinaona ngati akundipepesa.

Ndinalowa ndi nsapato zomwe. Amayi anali atakhala pansi kuzungulira mphasa, ndipo pamphasapo panali mwana, atagonekedwa cham'mbali, malovu ali pakamwa, chifuwa chikukwera n'kutsika. Anali akupuma. Mipando anaitulutsa kuti apeze pokhala, popeza anabwera ambiri atamva kuti mwana wakomoka ndipo thupi likugwedezeka lokha. Akazi anga anali atamugwira phazi. Kumutu kwake kunali mayi wa kabichi uja, akumupukuta ndi kansalu konyowa.

“Adokotala, ife zathu tayamba,” anatero, osakweza mawu. “Galimoto yonyamula kachewere ndaiitanitsa kale, ikungomaliza kupakira. Inu chitani zanu.”

“Koma ndamuyeza kawiri,” ndinatero. Sindikudziwa kuti ndinkauza ndani.

“Mwayeza magazi. Mwanayo mwamuyang'ana?”

Sanandinyoze, ndipo bola akanandinyoza. Ndinagwada n'kutsegula chikope cha mwana wanga, ndipo mkati mwake munali moyera ngati ufa. Ndinamutchula dzina, ndinamutsina, koma sanayankhe. Zizindikiro zonsezi ndinali nditaziphunzira, ndipo m'mawa womwewo ndinali ndikuziwerengera amayi a kuseri kwa phiri.

Tinakwera pamwamba pa matumba a kachewere, ine, akazi anga, mwana ali pamiyendo, ndi mayi uja amene anakana kutsala. Msewu wotsika kuchokera kumtunda kuja amaudziwa aliyense amene anaudutsapo. Galimoto ikagunda mwala, mutu wa mwana unkangogwa ngati wa chidole, ndipo ine ndinkaika chala pakhosi pake kufunafuna kugunda kwa mtima. Kawiri konse ndinakutaya, n'kukupezanso. Amayi awiriwo ankapemphera mokweza, fumbi likulowa m'kamwa. Ine ndinkawerenga mpweya wake, popeza ndicho chokha chimene ndinkadziwa kuchita.

Kuchipatala anamuthamangitsira kuwodi ya ana, n'kumubaya jakisoni ndi kumuika diripu. Dokotala weniweni, bambo wa imvi wotopa m'maso, ataona yunifomu yanga ananditengera kuchipinda choyezera magazi n'kundiuza kuti ndisuzumire ndekha m'makina aja oonera tizirombo. Tinali mbwee, ngati nyerere pa shuga.

“Nanga bwanji kachipangizo kanga kanaonetsa mzere umodzi?” ndinafunsa. “Ndinalakwitsa pati?”

“Mwina simunalakwitse poyeza,” anatero. “Zimachitika. Nthawi zina kamaonongeka posunga, nthawi zina tizirombo tikachulukitsa kamasokonezeka, nthawi zina sitidziwa n'komwe. Ndi kachipangizo kabwino, koma si Mulungu.”

Ndinamufunsa kuti mwana adzuka liti. Ndinkafuna andiuze maola, chinthu choti ndiziwerenga.

“Malungo afika kumutu, achimwene. Mankhwala amene alipo tamupatsa, ndipo tipitiriza. Ena amadzuka, ena sadzuka, ndipo ine sindingakuuzeni kuti uyu ali mbali iti. Ngati mumapemphera, ino ndi nthawi yake.”

Mawu amenewa ndikanawamva kwa mayi wa kabichi ndikanawatsutsa. Koma ananena ndi munthu wodziwa kuposa ine kutalitali, ndipo anandizizira m'mafupa. Ndinkaganiza kuti pamwamba pa ine pali odziwa, ndipo pamwamba pa iwowo pali ena odziwa zonse. Tsiku limenelo ndinafika pamene makwerero amathera.

Abambo sakhala muwodi ya ana kupatula nthawi yoona odwala, choncho masiku atatu ndinakhalira pansi pa mtengo moyang'anana ndi khomo la wodiyo. Pachipatala pali mwambo wake. Mwana akamwalira, amayi onse odikirira ana awo amatuluka kuperekeza mnzawo kunyumba yachisoni, akuimba, machira ali patsogolo. Tayala limodzi la machirawo linkalira, ndipo ndinkalimva nyimbo isanayambe. Ndikalimva ndinkaimirira, mtima uli m'mwamba, n'kuyang'ana chitenje cha mayi amene agwiriziridwa pakati. Cha akazi anga chinali chachikasu cha maluwa ofiira. Ndikaona kuti ndi china ndinkakhala pansi ndikuthokoza, kenako n'kudzida kuti ndathokoza pa maliro a mwana wa mnzanga. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Pansi pa mtengo pamenepo ndi pamene ndinayamba kupemphera, ndipo linali pemphero lopanda mutu. Mawu okoma a kutchalitchi sanabwere. Ndinkangoti, “Musamutenge. Wolakwa ndine. Musamutenge.” Masana amayi a mipingo yosiyanasiyana ankalowa muwodi kudzaimba, chinthu chimene kale ndinkati ndi phokoso losokoneza odwala. Tsopano ndinkalowa nawo limodzi n'kuima kumbuyo, ndikutsegula pakamwa ngakhale nyimbo zina sindinkazidziwa.

Pabedi loyandikana ndi lathu panali mwana wina wamkazi wa msinkhu womwewo, wochokera ku Kandeu. Matenda anali omwewo, jakisoni yemweyo, dokotala yemweyo. Mayi ake ankapemphera kuposa wina aliyense muwodimo, atagwada pasimenti mpaka maondo anatupa, ndipo iwo anabwera naye tsiku loyamba lomwe, sanachedwe ngati ine. Tsiku lachitatu m'mawa tayala lija linalira. Ndinaimirira ndipo ndinaona chitenje chachikasu pakati penipeni pa gululo. Ndinagwira mtengo kuti ndisagwe. Gulu litayandikira ndinaona kuti akazi anga sanali ogwiriziridwa, koma ogwirizira mayi wa ku Kandeu uja.

Madzulo a tsiku lomwelo wathu anatsegula maso n'kupempha tchipisi.

Anthu kumudzi anati ndi mapemphero. Anzanga akuntchito anati ndi jakisoni. Ine ndinali pomwepo, ndipo sindidziwa choyankha. Popanda jakisoniyo sakanadzuka, zimenezo sindikayika. Komanso mwana wa ku Kandeu anabayidwa yemweyo, ndipo anapemphereredwa kuposa wanga. Nditafunsa dokotala uja anangotambasula manja. Nditafunsa mayi wa kabichi anati, “Ife timapempha, adokotala, sitilamula.” Aliyense wa iwo ankadziwa pamene mphamvu zake zimalekezera. Wosadziwa ndinali ine ndekha, ndipo ndinamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ntchito ndinaipitiriza zaka zambiri, ndipo kachipangizo kaja sindinakataye, chifukwa kanapulumutsa ana ambiri m'manja mwanga momwemo. Koma kakaonetsa mzere umodzi ndinkakaika pambali n'kuyang'ana mwanayo, kenako n'kufunsa mayi ake kuti, “Inu mukumuona bwanji?”

Malungowo sanachoke chimanjamanja. Khutu lakumanzere la mwana wanga silimva mpaka lero. Panopa ndi mayi wa ana ake, ndipo tikamayenda amandizungulira mwakachetechete kuti ndikhale kudzanja lake lamanja. Sanandinenepo chilichonse, koma nthawi iliyonse akatero ndimakumbukira masiku atatu amene ndinamusunga m'nyumba.

Akazi anga akafuna kukolopa nyumba yonse amadikira tsiku limene ndili pakhomo, ndipo mipando ndimatulutsa ndekha. Ulendo wina anaiwala, anaitulutsa ine ndili kumunda. Nditafika pachitunda paja n'kuiona ili pansi pa mtengo wa pichesi, ndinakhala pansi mumsewu, khasu lili pambali, ndipo sindinathe kudzuka mpaka iwo atandiona n'kubwera akuthamanga, manja ali thovu lokhalokha, akukuwa kuti, “Tonse tili bwino, abambo! Tonse tili bwino!”