Penti ya ku Nathenje yandiwonongera khoma

Mwini sitolo ina ya hadiweya ku Nathenje wandichititsa manyazi. Dzina ndasunga, koma akudzidziwa.

Ndine mlimi wa fodya cha ku Mitundu. Mawa Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wanga Esinati. Akuchimuna akuchokera ku Diamphwe. Ndinafuna adzapeze nyumba yoyera. Ku Mitundu penti yamadzi inali itatha, choncho Lachiwiri ndinapalasa njinga mpaka ku Nathenje. Ndinafika 10 koloko.

Mwini sitoloyo anatsitsa chitini cha malita asanu. Atatsegula, penti inali yolimba ngati phala logona. Ndinati iyi ndi yakale. Iye anati penti yabwino imakhala choncho, ingofunika kusungunula. Ndinati ndikathira madzi kwathu. Anaseka.

"Madzi ndi zachikale, bambo. Masiku ano timathira sipiriti, imauma msanga."

Anatenga botolo la sipiriti woyatsira pulaimasi, nathira theka, n'kutakasa ndi kamtengo. Zoona, inafewa pomwepo, n'kumayenda ngati mkaka. Sipiritiyo anandigulitsanso.

Lachitatu 6 koloko m'mawa ndinatsegula. Pamwamba madzi okhaokha. Pansi mibulu ngati chambiko. Ndinatakasa mpaka mkono kuwawa, osagwirana. Ndinayesabe kupaka khoma lakumaso. Yamadziyo inayenderera mpaka pakhonde, mibulu inakakamira pa pulasitala. Khoma likuoneka ngati pagona nkhuku.

Dzulo ndinabwerera ndi chitinicho. Anati vuto ndi njinga yanga, inagwedeza penti kwambiri. Nanga pochokera ku Lilongwe inabwera pamutu? Kenaka anati mwina ndinathiramo kachasu. Ine, mkulu wampingo? Pomaliza anati chotsegula sichibwezedwa. Anatsegula ndani?

Wopenta wina anali pomwepo, akugula bulashi. Ananunkhiza chitini, nati penti yamadzi sigwirizana ndi sipiriti wambiri chonchi. Sipiriti amaidula, ndipo ikaduka sibwereranso. Mwini sitolo anangoti ino ndi matipate, aliyense ali ndi maganizo ake.

Lero amake Esinati akupala khoma ndi mpeni kuyambira m'mawa. Sakundilankhula. Mwana akuti alendo tidzawakhazike kuseri.

Ogula penti ku Nathenje, musalole munthu athire kanthu m'chitini, ngakhale alumbire. Ndipo inu a sitolo, Lolemba ndikubwera ndi chitini chanu. Bulashi ndibweretsa ndine. Mudzapake khoma la sitolo yanu anthu akuona.