Mpando wa ndalema umene anagulira agogo

Ndikukumbukira fungo la matope a kudambo la Chilwa lomwe linkatsalira m'miyendo ya agogo anga aamuna, a Mulepa. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinkawaperekeza kumunda wawo wa mpunga. Mutu wawo unali mbuu ndi imvi, koma poyenda ndinkachita kuwathamangira. Akaweruka ankakhala ndi anzawo pansi pa mtengo wa mango, kuluka mono wogwirira nsomba uku akunyogodolana. Chakudya chawo chinali chinangwa, nandolo ndi matemba.

Kenaka mwana wawo, malume anga a Laisoni, anabwerako ku migodi ya ku Joni. Atawapeza bambo awo ali m'matope mpaka m'maondo, anachita manyazi. Anati anthu aziwaseka kuti munthu wobwera ndi chuma akulimitsa nkhalamba. Anawalanda khasu lawo, munda anaupereka kwa aganyu, ndipo agogo anawagulira mpando wa ndalema. Mudzi wonse unawatama kuti ndi mwana wodziwa ulemu.

Agogo anayamba kutandala pakhonde, akumwa tiyi wotsekemera kwambiri ndi buledi. Akati apite kumtengo wa mango, azimayi ankawabweza kuti angagwe panjira. Anzawo anabwera kudzawaona kangapo, koma mono sulukidwa pakhonde pa eni, ndiye analeka. Miyendo inayamba kutupa. Tsiku lina ndinawapeza akupanga timizere pabwalo ndi ndodo yawo, ngati mwana wosewera. Malume atadutsa, agogo anawafunsa motsitsa mawu:

"Iwe Laisoni, chimene unandigulirachi ndi mpando kapena bokosi?"

"Pumani bambo, munavutika kokwanira," anayankha malume akuseka.

Mpunga wa chaka chotsatira usanache, agogo anali ataiwala dzina langa. Tinawaika mvula itangotha. Pamaliro onse ankati ndi ukalamba, ena ankanong'onezana za ufiti. Palibe anatchula khasu. Mpaka lero zimenezi zimandipsetsa mtima.

Tsopano nkhalamba ndine. Chiyambire matipati, ana athu ambiri anapita kutauni, ndipo chikondi chawo chimabwera pa basi. Mwezi wathawu mwana wanga Esitere anatumiza sofa kuchokera ku Blantyre, nalamula adzukulu anga kuti atsekere njinga yanga m'nyumba, poti kumsika kwa Nkhulambe n'kutali kwa munthu wa msinkhu wanga. Ine sinditaya pepala. Ndinatulutsa risiti ya njingayo, dzina langa lili pomwepo, pamodzi ndi buku langa la kuchipatala mmene adokotala analemba kuti ndiziyenda ndi kuchepetsa mchere. Ndinaziyala patebulo pamaso pa onse.

"Bambo, ifetu tikungofuna kuti mupume," anatero Esitere atabwera, misozi ili m'maso.

Mawu omwewo, a malume aja. Sindinamukalipire, chifukwa ndikudziwa kuti nawonso malume ankawakonda bambo awo. Chimene sanadziwe n'chakuti munthu wokalamba amakhala ndi moyo chifukwa cha kumene akuyembekezeka mawa: kumunda, kumsika, kwa anzake. Ukamuchotsera zimenezo wamuika m'manda akupuma.

Ndinamufotokozera za agogo ake aakulu ndi timizere tawo ta pabwalo. Nditamaliza, anakatenga kiyi yekha n'kunditulutsira njinga ija. Sofayo ndinaisiya pabalaza kuti azikhalapo alendo.