Chipanda cha mwini khomo

Chizindikiro choyamba ndinachiona m'chigafa, mu Febuluwale, chaka chimene makuponi a feteleza anafika koyamba kwathu ku Lisasadzi. Tinkasoka fodya, ndipo amuna anga, bambo a Chikondi, ankalephera kubaya masamba chifukwa manja ankanjenjemera. Akapita kuseri kwa nkhokwe kukameza kachasu, ankabwerako manja ali phee. Iwo ankati amenewo ndiwo mankhwala awo, ine n'kungoyang'ana kumbali.

Pofika mu Meyi, fodya atapita ku okushoni, maso awo anasanduka achikasu. M'mawa ankasanza asanadye kanthu, mapazi anatupa moti nsapato sizinkalowa, ndipo mimba inakula ngati ya mayi woyembekezera. Ndikatchula za chipatala, ankati ndi malungo chabe. Mkulu wawo, alamu anga a Binwelo, ankati ndi nsanje ya anthu poti fodya wathu anachita bwino chaka chimenecho. Tinataya mwezi wathunthu tikuwiritsa zitsamba. Ndikakumbukira mwezi umenewo ndimapsa mtima mpaka lero.

Tsiku limene anasanza magazi ndinasiya kufunsa maganizo a munthu aliyense. Ndinawakweza galimoto ya matola mpaka kuchipatala kuboma. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atawayeza magazi ndi kuwaunika m'mimba, dokotala anati, "Chiwindi chawonongeka ndi mowa. Akasiya lero chikhoza kupirira. Akabwererako, ngakhale pang'ono, sitidzakhala ndi chochita."

Anawagoneka masabata angapo. Ine ndinkagona pansi pambali pa bedi, n'kumaphikira kukhitchini ya magadiyani. M'mawa ankatitulutsa kuti akolope, kenako madokotala ankazungulira, kenako mankhwala, kenako kudikira. Masiku oyambirira ndiwo anali oopsa. Bambowa ankatuluka thukuta, anazula diripi, ndipo ankakuwa kuti linthumbu likuwakwera pamene pabedi panalibe kanthu. Nesi anandiuza kuti thupi lozolowera mowa limatero likaumanidwa mwadzidzidzi, ndipo n'chifukwa chake munthu wotere safunika kusiyira yekha kunyumba. Mkati mwa zonsezi a Binwelo anabwera kudzazonda, kabotolo ka kachasu kali m'thumba la jekete, ati kangowakhazika mtima pansi. Nesi anawalanda n'kukathira kuchimbudzi. Munthu wamkulu, wa imvi zake.

Titatuluka, mlangizi wa zaumoyo anatilozera gulu la anthu osiya mowa ndi chamba limene limakumana ku Mtunthama Lachinayi lililonse. Munali alimi, anyamata a kabaza, ngakhale mphunzitsi. Bambo a Chikondi ankapalasa njinga kupita kumeneko, poyamba monyinyirika. Anzawo akale ankawaseka kuti ndawadyetsa khuzumule. Ine ndinkati aseke, mano ndi awo, bola munthu wanga akudya ndipo mimba ikuphwa.

Chaka chitatha osalawa dontho, gululo linati likachite chikondwerero pakhomo pathu, kuti anthu a m'mudzi aone ndi maso kuti mowa umasiyika. Ndinauza abale onse kuti padzakhala thobwa basi. Tsikulo anthu a gululo anayenda kuchokera kumsewu akuimba, ana akuwatsatira, ndipo pabwalo panadzaza. Tili mkati momva maumboni, ndinangoona ngolo ikulowa, pamwamba pali dilamu la masese. A Binwelo anali atafululitsa mowa mwakachetechete kwawo. Ati alendo sangalandiridwe ndi thobwa ngati ana a Sande sukulu. Mowa, pa chikondwerero cha munthu wosiya mowa. Ndinachita kukhala pansi kuti ndisalankhule zoti ndidzalipitsidwe nkhuku.

Kwathu kuno mowa ukafika pabwalo, mwini khomo ndiye amayamba kulawa, kuti alendo adziwe kuti mulibe chiphe. Akakana, ndiye kuti wanyoza amene wabweretsa, ndipo alendo samwa. A Binwelo anatunga chipanda chodzaza n'kuwapatsa ang'ono awo pamaso pa anthu onse.

"Mwini khomo ayambe," anatero. "Kungonyowetsa milomo, aphwanga. Masese ndi phala, si kachasu."

Bambo a Chikondi analandira ndi manja awiri, monga mwa ulemu. Ndinaona chipanda chikunjenjemera monga momwe manja aja ankachitira m'chigafa, ndipo ndinakumbukira mawu a dokotala. Ndinachita mantha kwambiri. Kulowerera sindikanatha, chifukwa anthu akanati khuzumule uja ndi woona, ndipo mawa lake amuna anga akanamwa kuti aonetse kuti ndi mwamuna.

Bambo a Chikondi anayang'ana mowawo kwa kanthawi, kenako anati, "Achimwene, mwambo umati mwini khomo alawe kuti auze alendo ngati muli chiphe. Ine ndalawa kuyambira ndili mnyamata. Ndikukuuzani nonse, chilimo."

Anaika chipanda pansi. A Binwelo anakweza dilamu lawo pangolo atatupa nkhope, ndipo anthu ena anawatsatira. Ambiri anatsala, tinamwa thobwa mpaka linatha. Alamu angawo sanatilankhule mpaka nyengo yokolola, ndipo kunena zoona sindinawasowe.

Lero bambo a Chikondi ali bwino. Maso anayera, amasoka fodya mofulumira kuposa ine, ndipo amapitabe kuchipatala kukayezetsa pa masiku amene amawauza. Chiwindi sichinabwerere mwakale, choncho mchere timathira pang'ono ndipo ntchito yolemetsa amaigwira mopumira. Ku Mtunthama sajomba.

Kwa inu amene muli ndi munthu wonjenjemera manja m'mawa, kapena amene maso ake ayamba chikasu, musadikire kuti asanze magazi ngati ine. Pitani naye kuchipatala msanga, ndipo akatuluka mufunireni anzake oyenda naye, chifukwa yekha sangathe. Muchenjerenso ndi abale okonda, amene amabwera ndi kabotolo m'thumba.

Mwezi wathawu a Binwelo anabwera kwathu m'mawa kudzabwereka jeke wodindira fodya. Ndinawapatsa tiyi, ndipo kapu inkagogoda mano awo, tiyi n'kumatayikira pa malaya. Bambo a Chikondi sananene kanthu za dilamu lija. Anangopopa matayala a njinga, n'kumanga katsamiro pakaliyala, n'kuwauza kuti akwere, apite kuchipatala.