Mainchesi Atatu Osiyira Mabwana

Pakhonde la sitolo ya zitsulo, moyang'anana ndi pokwerera basi, timakhalapo anthu awiri: ine wosoka nsapato kumanzere kwa chitseko, atelala kumanja. Takhala choncho zaka zoposa makumi atatu, moti ndikajomba ine, makasitomala amakafunsa iwo ngati ndamwa mankhwala. Anthu amawatchula a Tepi, chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwawo. Malemu akazi awo ankati ngakhale tsiku la ukwati anachita kuwalanda pakhomo la tchalitchi.

A Tepi ndiwo akhala akusoka majekete a timu ya dziko lathu nthawi zonse popita ku masewera aakulu aja a mayiko onse, ochitika kamodzi pa zaka zinayi. Ntchitoyi sanaipezere chibale ayi. Mlembi wa komiti ya masewera wa nthawi imeneyo anang'ambikiridwa thalauza potsika basi, pamalo poti munthu sangayende napo, ndipo telala wapafupi anali iwo. Anamusokera mwini wake atabisala kuseri kwa chitseko, atadzikulunga nsalu ya makatani. Munthu amene wakuona uli choncho sumutaya. Mwezi usanathe, mlembiyo anabwera ndi mpukutu wa nsalu yabuluu ndi mayina khumi ndi anayi.

Pa khumi ndi anayi amenewo, khumi ndi awiri anali osewera: othamanga, ankhonya, ndi mmodzi wonyamula zitsulo. Akuluakulu anali awiri okha. Anabwerako chimanjamanja, ndipo nduna inalengeza pawailesi kuti anyamata athu anapita kukaphunzira. Tinaomba m'manja. Ulendo wachiwiri anakaphunziranso, wachitatu chimodzimodzi. Pofika wachisanu ndinayamba kufunsa kuti sukulu imeneyi mayeso ake amalemba liti, koma a Tepi sankafuna nthabwala pa nkhani ya timu.

"Achimwene, inu mumaona dziko kuchokera kumapazi," ankatero. "Za pamwamba zisiyeni."

Komatu za pamwambazo iwo ndiwo ankazidziwa kuposa atolankhani. Ulendo uliwonse majekete ankachuluka, osewera n'kumachepa. Anafika pa majekete makumi atatu, osewera asanu. Enawo anali mkulu wa ulendo, wachiwiri wake, wothandiza wachiwiriyo, woona za katundu, woona za mapasipoti, woona za mgwirizano, ndi mmodzi amene udindo wake sunadziwike mpaka lero koma m'chiuno anali mainchesi makumi asanu ndi awiri. Mpukutu umodzi wa nsalu unasanduka inayi.

Apa m'pamene a Tepi anapeza lamulo lawo. Bwana ukamuyeza lero, pofika tsiku lonyamuka amakhala wawonjezera, chifukwa pakati apa pamakhala misonkhano yokonzekera, ndipo palibe msonkhano wopanda nkhomaliro. Choncho mu jekete ya bwana aliyense ankasiyamo mainchesi atatu a nsalu, atapindidwa mkati mwa msoko, kuti mwini wake akabwera akudandaula kuti yamuthina, angomasula ulusi n'kufutukula. Mu jekete ya wosewera sankasiyamo kanthu. Osewera athu akalowa m'kampu amatulukamo atachepa.

Chaka chimene dziko lathu linachita bwino koposa ndi chija wowulutsa mawu wa kunja ananena, pa perete wotsegulira masewera, kuti timu iyi yatchena. Anatero kamodzi kokha n'kupitirira ku dziko lina, koma nduna inabwereza mawuwo kwa zaka zinayi. Chaka chomwecho wankhonya wathu anagona pansi belu loyamba lisanasiye kulira, ndipo wothamanga wathu anafika pamzere womalizira antchito a pabwalo atayamba kale kundandalika zolumpha za mpikisano wotsatira. Nditawakumbutsa zimenezi, a Tepi sanatekeseke.

"Aliyense ndi mbali yake," anatero. "Ine yanga ndinawina."

Ndinkawaseka, koma ndinkawasiriranso. Munthu wokhulupirira ntchito yake choncho amagona tulo.

Akazi awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo anakulira pakhonde pomwepa, pakati pa ulusi wa bambo ake ndi guluu wanga. Ankamutuma kukapereka zovala kwa makasitomala, ndipo ankabwerako simbi isanazizire. Poyamba tinkaganiza kuti akuzitaya panjira, mpaka a Tepi anakafunsa okha nyumba ndi nyumba. Oyendetsa basi ndiwo anamupatsa dzina loti Kamvuluvulu, ndipo linakanirira.

Atakula anayamba kuthamanga mipikisano yeniyeni. M'mawa uliwonse, ife tisanatulutse mabenchi, iye ankakhala atazungulira kale tawuni yonse. Nsapato zake ndinazisoka ine kokwana kasanu ndi kawiri, komaliza ndinamata pansi pake ndi mphira wa tayala. Ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri anathamanga makilomita asanu pa nthawi imene okonza masewera aakulu aja amafuna. Osewera athu onse akale ankapitako pongoitanidwa mwachifundo, kuti mbendera yathu isasowe woinyamula. Iyeyu anadzitsegulira yekha chitseko ndi miyendo yake. Komiti inasowa pomukanira, ndipo inamulemba kumapeto kwa mndandanda, nambala 30, mtsikana yekhayo pa timu yonse.

Jekete makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi a Tepi anazisoka pa masabata atatu. Ya nambala 30 yokha inawatengera masabata awiri. Anamuyeza mwana wawoyo katatu ngati sanamuonepo. Mabowo a mabatani anawasoka pamanja, kolala anaimasula kawiri chifukwa inkapendekeka mwakuti iwo okha ndiwo ankaona. Itatha anaipachika pamsomali wa pamwamba pa makina, ataiphimba ndi pepala, ndipo wodutsa aliyense ankamuvundukulira ngakhale asanafunse.

Kutatsala masiku khumi kuti anyamuke, kunabwera mlembi wa komiti. Uyu sanali wa thalauza uja, amene anapuma kalekale, koma wina wachinyamata, woyenda ndi mafoni awiri. Unali m'mawa, ine ndikukhomera chidendene cha nsapato ya mayi wina.

"Madala, pali kusintha pang'ono," anatero.

"Ngati ndi ya a wapampando a komiti, bwana, ndawasiyira kale. Abwere nayo."

"Ayi, ndi nambala 30. Muifutukule."

A Tepi anaseka. "Imeneyo ndi ya mwana wanga. Sananenepe."

"Eya, n'chifukwa chake ndabwera ndekha m'malo mongoimba foni." Mlembiyo anakhala pabenchi osapatsidwa. "Mwaona madala, malamulo akuti mtsikana sangayende ulendo wotere popanda mayi womusamalira. Ndi nkhani ya chitetezo cha ana athu. Ndiye komiti yakhala pansi, ndipo mayi a kunyumba kwa a wapampando adzipereka. Vuto ndi loti mipando ilipo makumi atatu basi. Wolowa komaliza ndiye amatuluka koyamba."

Ine nyundo inaima m'mwamba. "Pepani bwana, mwina ine sukulu ndinalekera panjira. Mtsikanayo akatsala, mayiwo akakasamalira ndani?"

"Akulu, inu pitirizani nsapato. Udindowo komiti yauvomereza kale, sungafufutike."

A Tepi anavula magalasi. Sindinawaonepo akupempha munthu chinthu, koma tsiku limenelo anapempha. Anati mwa akuluakulu onse aja, sangatsaleko mmodzi? Woona za mgwirizano? Uja wa mainchesi makumi asanu ndi awiri?

"Tichotse ndani, madala?" mlembi anafunsa, ndipo ankaoneka kuti akudabwadi. "Aliyense pamenepa ali ndi udindo wake. Mwana wanuyu alibe udindo uliwonse. Amangothamanga basi."

Mtima wanga unapsa moti ndikanalankhula, bwenzi pano ndikusokera nsapato kundende. Koma a Tepi anangoimirira, n'kutsitsa jekete ija pamsomali, n'kuitembenuza kunja kukhala mkati. Anamuonetsa mlembi misoko yonse, wa kumsana, ya m'mbali, ya m'khwapa.

"Onani nokha, bwana. Mulibe chofutukula. Ya wosewera sindisiyamo kanthu."

"Ndiye sokani ina."

"Nsalu inatha. Munaitanitsa kunja, inatenga miyezi iwiri. Ndipo mukudziwa inu kuti wopanda jekete salowa pa perete."

Mlembi anakanda pamutu, anaimba foni yoyamba, anaimba yachiwiri, kenako anachoka osatsanzika. A Tepi anandiyang'ana maso akuwala. Ankaona ngati lamulo lawo lakale lija lapulumutsa mwana wawo.

M'mawa mwake mayiwo anabwera okha pagalimoto. Kunena zoona sanali munthu wamwano. Anatipatsa moni tonse, anafunsa za kunyumba, anayamikira kasokedwe. Atayesa kuvala, mkono unalowa mpaka pachigongono n'kukana. Anayesa mkono winawo, chimodzimodzi. Anadziyang'ana pagalasi la a Tepi nthawi yaitali ndithu.

"Ikulungeni, bambo," anatero. "Ndikaona chochita."

Nsalu inali ya komiti, ndiye a Tepi anaikulunga. Masana Kamvuluvulu atabwera ndi chakudya cha bambo ake n'kupeza msomali uli wokha, anaima chilili mbale zili m'manja.

"Usadandaule, mwananga," anatero a Tepi. "Ibwera yokha. Palibe telala m'dziko muno amene angaikulitse. Iwe pitiriza kuthamanga."

Anapitirizadi. Masiku asanu ndi anayi onsewo anathamanga m'mawa ndi madzulo, chikwama chili cholongedza kale. Galimoto iliyonse ikaima pafupi ndi khonde, a Tepi ankasiya kupalasa makina n'kusuzumira. Tsiku lonyamuka litafika, mtsikanayo ananyamula chikwama chake n'kupita yekha ku ofesi ya komiti. Anapeza loko pachitseko. Mlonda anamuuza kuti onse apita ku bwalo la ndege, ena kukakwera, ena kukaperekeza.

Perete wotsegulira tinakaonera kwa wometa tsitsi, amene ali ndi kanema wamkulu. Unali masana, m'chipindamo mutadzaza, ena atakhala pamawindo. A Tepi poyamba anakana kupita, koma pa zaka zonsezi sanaphonyepo perete, ndipo miyendo inawatengera yokha. Mwana wawo anakhala pambali pawo. Mayiko anadutsa ambirimbiri, kenako inatulukira mbendera yathu, pambuyo pake osewera anayi, pambuyo pawo khamu labuluu la akuluakulu likuyenda monyang'wa. Anthu anakuwa ndi chimwemwe.

Mayi aja anali pamzere woyamba, pafupi ndi amuna awo. Jekete anangoikoleka pamapewa, pamwamba pa diresi, mikono yake ili lendelende, mulibe munthu. Ankagwedeza kambendera, uku dzanja lina litagwira kolala kuti isagwe. Kanema anawaonetsa pafupi ndithu. Phokoso m'chipinda muja linazima pang'onopang'ono, chifukwa panalibe amene sankaidziwa jekete imeneyo.

"Kolala yakhala bwino," a Tepi anatero chapansipansi. Kenako misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute. Mwana wawo ndiye anawagwira dzanja n'kutuluka nawo.

Zotsatira za chaka chimenecho sizinasiyane ndi zakale. Othamanga awiri anathera mu ndime yoyamba, wankhonya anapirira mpaka chigawo chachiwiri, wonyamula zitsulo anadwala m'mimba. Koma timu itabwera, nduna inalankhula pawailesi mawu atsopano. Inati ngakhale anyamata anakaphunzira monga mwa masiku onse, dziko linyadire kuti mbali ya atsikana sitinagonje mpikisano ngakhale umodzi, ndipo inathokoza mayi wosamalira atsikana chifukwa palibe mtsikana amene anasochera, kudwala kapena kuchita zochititsa manyazi. Akale anati chitsiru chinaomba ng'oma, ochenjera navina. Ine wailesi yanga ndinaizimitsa ndi nyundo, ndipo sinayakenso.

M'mawa wotsatira Kamvuluvulu anafika pakhonde nthawi imene amakhala ali kumsewu. Anali atavala diresi ndi masilipasi. Nsapato zothamangira zija anaziika pabenchi langa.

"Amalume, izi musazisokenso. Mupatse aliyense amene zingamukwane."

Kenako anatembenukira kwa bambo ake. "Bambo, mundiphunzitse kusoka."

A Tepi anachita ngati sanamve. Anatenga choko, anachisiya, anatenga sizasi. "Zaka zinayi si zambiri, mwananga. Udakali mwana. Ulendo winawo sangakusiyenso."

"A wapampando ali ndi azilamu awo atatu amene sanakwerepo ndege," anatero mtsikanayo, osakweza mawu. "Ine ndatopa, bambo. Ndiphunzitseni chinthu choti ndikachichita bwino, munthu asandilande."

Ndinafuna kunena kuti jekete ijanso analanda, koma ndinatseka pakamwa. A Tepi anayang'ana miyendo ya mwana wawo. Kenako anadzuka pampando umene sanalolepo munthu wina kukhalapo, n'kuupukuta ndi dzanja. Anamuikira kansalu kotsala pansi pa singano, anamuonetsa poika mapazi, anamuuza kuti ayambe.

Mtsikanayo anapalasa. Makina akale aja analira ngati njinga yamoto, kansalu kanathawa m'manja mwake, singano inathyoka n'kugwera kumbali kwanga. A Tepi anawerama, anatsegula kabokosi, anatulutsa ina. Ulusi unawakanira kulowa katatu konse.

"Pang'onopang'ono, mwananga," anatero. "Kuno palibe amene ukupikisana naye."