Dhapu Anauza Njati

Dhapu ndi mkazi wa akulu awo a amuna anga. Ine ndinabwera pakhomo pano iye atabereka kale ana awiri, Santosh wamkazi ndi Kishan wamwamuna, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kukama njati zoweta komanso kutsitsa mpango mpaka pachibwano apongozi aamuna akamadutsa. Sukulu sanapite. Koma makina osokera amawadziwa ngati mwana wake, ndipo masiketi a akwatibwi m'midzi yozungulira tawuni ya Nagaur, kuno ku India, ambiri atuluka m'manja mwake.

Foni anagula yekha ndi thukuta la makinawo. Azimayi amamutumizira zithunzi za zovala zimene akufuna, Santosh amaonerapo maphunziro a mayeso. Amuna ake, a Bhanwar, ali ndi kafoni kamabatani, ndiye masana ankabwereka ya Dhapu popita kumunda, ati azikaonerapo mitengo ya mbewu ya kumsika.

Tsiku lina aphunzitsi anabwera atagwira Kishan pakhutu. Anamupeza kuseri kwa sukulu ndi anzake akuonera zolaula pafoni ya mayi ake. Mwana wa zaka khumi ndi zitatu! Ine ndinangokumbatira wanga wakhanda.

Apongozi athu a Mangilal sanafunse zambiri. Anatenga foniyo n'kuiika m'thumba la malaya.

"Foni m'manja mwa mkazi ndi njoka m'nyumba," anatero. "Mawa ndikaigulitsa. Ya mkazi wamng'onoyu nayonso ibwere."

A Bhanwar anamenya Kishan mbama ziwiri, n'kuwonjezera kuti mayi ake ndi amene amulerera. Santosh analira mpaka maso kutupa, pakuti mayeso anali pafupi ndipo mabuku ena alibe.

Kwathu kuno mtengwa sayankhula ndi apongozi aamuna. Dhapu anaphika chapati, anatsuka mbale. Kenako anakokera Kishan kukhola.

"Unazipeza bwanji?"

"Zinali zotsegula kale, Amayi. Anzanga akayesa pa mafoni awo zimawakana, zimafuna nkhope ya munthu wamkulu kapena chiphaso. Yathuyi simafunsa."

"Simafunsa chifukwa chiyani? Ndiwe wa ndevu iwe?"

"Wina anaonetsa kale nkhope. Pali ndi dzina lake pamwamba."

Mwanayo ananong'oneza dzinalo. Dhapu anamuuza abwereze, n'kumuuza akasambe kumaso.

M'mawa mwake amuna onse atatu anakhala pabwalo pa bedi la zingwe akumwa tiyi, apongozi atavala kale nduwira ya ulendo wa kumsika. Ife tinali pakhola, chapafupi pomwepo. Dhapu anakhazika ndowa pansi pa njati yathu, Kali, mpango uli kumaso monga mwa masiku onse. Ndiye anayamba kuyankhula mokweza, mawu omveka mpaka kwa aneba.

"Kali, mayi wanga, imirira bwino ndikuuze nkhani. Akuti zonyansa zija zili ndi chitseko, ndipo mlonda wake amafuna kuona nkhope ya munthu wamkulu. Wamva? Tsono nkhope yangayi, imene ngakhale eni nyumba ino sanaionepo, ndingakaivundukulire zimenezo?"

Ndinamutsina. "Achemwali, mutiphetsa!"

"Ndikucheza ndi njati ine, iwe gwira mwana wa njatiyo. Kali, ziphaso zathu akazi zimakhala m'bokosi lokiya, kiyi ali m'chiuno mwa akuluakulu. Koma chitseko chinatseguka. Anatsegula ndani? Anasiya ndi dzina lake pomwepo. Ndikanakuuza, koma ndi dzina lija limene pakamwa panga sipaloledwa kutchula."

Mkazi kuno satchula dzina la munthu mmodzi yekha, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi mwamuna wake. A Bhanwar tiyi anawatsamwa.

"Wapenga mkazi ameneyu!" anakuwa. "Ndikuswa mano!"

"Kali, ukumva? Mitengo ya mbewu ija yakwiya." Manja a Dhapu sanasiye kukama. "Mwana wamenyedwa chifukwa cholowa pakhomo limene wamkulu anasiya pululu. Mtsikana wanga asiye kuwerenga chifukwa cha zimenezo? Foni ndinagula ine. Ikapita kumsika, nanenso ndipita, ndikafunse wogula andiwerengere dzinalo mokweza pamaso pa anthu."

Apongozi anatulutsa foni ija, anaitana amuna anga kuti aiyang'ane. Amuna anga anayang'ana, kenako anayang'ana pansi. Mkuluyo anavula nduwira, anaika foniyo pa bedi, nalowa m'nyumba. Ya ine sanaitchulenso.

Tsiku lomwelo Dhapu anapita ndi Santosh kwa wokonza mafoni pa siteji ya basi. Anachotsetsa zonse zija, n'kuikitsa loko wotsegula ndi chala chake chokha. Kishan akafuna kuwerenga amakhala pambali pa makina, mayi ake akuona. Yanganso ndinakaikitsa chimodzimodzi, wangayu asanayambe n'kuyenda komwe.

A Bhanwar mpaka lero sayankhula naye bwinobwino, chakudya amalandira atayang'ana kumbali. Apongozi aakazi amati Dhapu anachotsa ulemu wa nyumba. Iye amangopalasa makina ake. Santosh mayeso analemba, tikudikira zotsatira.