Jekete la pa Misa ya Masika

Mwana wathu wachisamba amagwira ntchito imene ndinalephera kuifotokoza kwa amayi anzanga. Akuti kutali kwambiri kuli magulu a nyenyezi omwe pakati pawo nthawi zina pamawala kwambiri, nthawi zina pamazilala. Makina amajambula malo omwewo akumwamba chaka ndi chaka, iye n'kumayala zithunzizo pakompyuta. Ndinamuseka: "Sukulu yonse ija, kuti uzikaona mafoto?"

"Foto imodzi sinena kanthu, amama," anatero. "Mumandandalika zambiri, n'kupeza chimene sichisintha. Chosinthacho chimaonekera chokha."

Atabwera kutchuthi anapeza katoni yanga ya zithunzi. Chaka chilichonse pa Misa ya masika, tikapereka thumba lathu la nshawa, mtedza uja, atate ake ankajambulitsa pakhomo pa tchalitchi atavala jekete lawo lakuda. Munthu wamakani, lina ankalikana. Mwanayo anayala zithunzizo pamphasa masana, kuyambira za wojambula wa ku Nabvutika mpaka zomwe tinatsukitsa za pafoni.

"Amama, jekete ndi lomweli?"

"Kodi atate ako ali ndi lina?"

"Ndiye taonani mapewa."

Ndinaona. M'zithunzi zinayi zomaliza jekete linkangokulirakulira, manja ake kufika m'zala. Ine amene ndimawapatsira madzi osamba tsiku ndi tsiku sindinaone kuti mwamuna wanga akutha. Ndinachita manyazi, kenako mantha, mpaka ndinamukalipira mwanayo kuti akundidetsera zithunzi.

Atate akewo anakana za chipatala. "Ndi khasu limeneli, mlimi sanenepa." Mwana sanatsutse, anangowakokera mpando pafupi ndi mphasa. Atate akewo anayang'ana zithunzizo kuchokera kumanzere mpaka kumanja, kawiri. Kenako anandifunsa kuti minibasi yoyamba ya ku Chipata imadutsa nthawi yanji.

Kuchipatala anawapeza ndi nthenda ya shuga, itawadya kale kwa zaka. Tiyi wawo tsopano ndi wopanda kanthu, ndipo amadandaula m'mawa uliwonse ngati ndine ndinawalodza.

Ndinafuna kupita nalo jeketelo kwa telala kuti alichepetse, chifukwa linkandichititsa chisoni. Mwana anandiletsa pafoni: "Musalikhudze, amama. Tiziyezera chiyani?"

Masika ano ndinawajambula pakhomo lomwelo, n'kutumiza chithunzicho kwa mwana. Ndinadikira pakhonde foni ili m'manja. Yankho linali lalifupi: "Batani lapakati layamba kukoka."

Ndinalira ndi chimwemwe, atate ake akufunsa kuti wamwalira ndani.